Za IP adiresi wafunsa ija

Eya msuweni, ndamva funso lako, loti IP adiresi ya kompyuta, manambala aja amene imadziwika nawo pa netiweki, umaipeza bwanji. Koma iwe ndimakudziwa... ndi printa ija eti? Yayambanso kukana? Kuyambira tili ana sufunsa chinthu molunjika iwe, umayamba wazungulira kaye.

Dikira ndikuuze za amalume. Ukukumbuka atagula printa ya Wi-Fi, nthawi ya mapepala a agogo ija? Analemba pa Google kuti "what is my ip", manambala n'kubwera, iwo n'kuwakopera bwinobwino m'kabuku kawo kaja. Ndiye Loweruka lonse... ayi, linali Lachisanu, paja anandiimbira ndisanaweruke. Akulowetsa manambala aja pa laputopu kuti ipeze printa, printa ili duu. Anaimba katatu, mawu atakwera, ati andigulitsa chinthu chakufa, azakhali kumbali akuti ingobwezani. Ine ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa sanaphonye ngakhale kadontho kamodzi. Anangotenga adiresi ina.

Eya, chifukwa zilipo ziwiri. Ya pa Google ija ndi yakunja, amati public, imene kampani ya intaneti imapereka, ndipo foni, laputopu, zonse za m'nyumba zimatulukira pa imodzimodziyo. Imasinthanso nthawi zina. Inayo ndi yam'kati, private, imagawa ndi rauta, kabokosi ka Wi-Fi kaja, chipangizo chilichonse chili ndi yakeyake. Printa imamva yam'katiyo.

Ndiye pa Windows paja, posakira lemba cmd, utsegule, pabwera kawindo kakuda. Lemba ipconfig, dina Enter, uyang'ane mzere wa IPv4 Address. Nthawi zambiri imayamba ndi 192.168, pena 10. Ukaona 169.254 ndiye kuti rauta sinakupatse adiresi, izimitse n'kuiyatsanso. Mmm... chinanso, ndikanaiwala. Printa ili ndi yake, uipeza pa kasikirini kake, pa Network. Adiresi imakhala ndi zigawo zinayi zolekanitsidwa ndi madontho, zitatu zoyambirira zifanane ndi za laputopu, chomaliza chokha ndiye chisiyane. Zikapanda kufanana, mwina zili pa Wi-Fi ziwiri zosiyana.

Yam'kati ija ndi imene ukufuna, msuweni. Ya amalume tinangolowetsa ya printayo, yoyamba ndi 192.168, pepala n'kutuluka pomwepo, iwo kuwomba m'manja. Wamva eti? Ya pa Google uisiye, tenga yam'kati. Ujambule kawindo kakuda kaja unditumizire, ndikhala maso mpaka 10 koloko.