Madzi oyera ngati mkaka m'chifuwa

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wandilembera kuti amuna awo, atachitidwa opaleshoni ya kum'mero, akutuluka madzi oyera ngati mkaka m'paipi ya m'chifuwa, ndipo akufunsa ngati ndi mafinya komanso chakudya choti aziwapatsa. Mayi, kalata yanu yanditosa pachilonda.

Achimwene anga anagonekedwa m'chipatala china kuno ku Harare akubanika. Atawaika paipi m'nthiti, botolo lolandira zotuluka m'paipimo linayamba kudzaza madzi otero. Azakhali a ku Mbare anangoliyang'ana kamodzi n'kunena kuti pali dzanja la munthu. Ife, poona kuti wodwala akutha thupi, tinkanyamula nkhuku yokazinga ndi phala la chiponde, chimene anzathu achishona amati dovi, ndipo tsiku lililonse botolo linkadzaza kuposa dzulo lake. Sabata yathunthu inatha popanda wotiuza kuti chakudya chathucho ndicho chinkachulukitsa madziwo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Vutoli madokotala amalitcha chylothorax. Mafuta ambiri a m'chakudya akachoka m'matumbo amakwera m'kamtsempha kopyapyala kotchedwa thoracic duct, kamene kamadutsa m'chifuwa pafupi ndi msana n'kukathira m'mtsempha wa magazi kumunsi kwa khosi, chakumanzere. Patsiku kamatha kunyamula malita 2 kapena kuposerapo. Kakabooka, madziwo amadikha pakati pa mapapo ndi nthiti n'kufinya mapapo, ndipo akamatayika amapita ndi mapuloteni komanso maselo oteteza thupi ku matenda. Si mafinya ayi.

Achimwene sanachitidwe opaleshoni iliyonse. Poyamba ankaganiziridwa TB, yomwe imathadi kuyambitsa vutoli, koma pambuyo pake inapezeka khansa ya lymphoma, ya maselo oteteza thupi aja. Ndikunenetsa kuti kupopa madzi osafufuza chimene chaboola mtsempha n'kutaya nthawi ya wodwala, ndipo achibale tisamachite manyazi kufunsa.

Tsono muchite chiyani?

Kwa bambowo gwero likuoneka kuti ndi opaleshoniyo. Funsani ngati madziwo ayezedwa mafuta a triglyceride, pakuti akapitirira muyezo wa 110 mg/dL pafupifupi nthawi zonse imakhala chylothorax. Siyani chiponde, nsinjiro, mkaka ndi zokazinga, ndipo mupemphe katswiri wa zakudya akufotokozereni za mafuta apadera otchedwa MCT, omwe amalowa m'magazi osadzera m'kamtsemphako. Ngati madzi akupitirirabe lita imodzi patsiku kwa masiku angapo, funsani adokotala za opaleshoni yomanga kamtsemphako.