Kodi chimfine cha mbalame chimayendera magazi?

Mayi wina woweta nkhuku wandilembera imelo yofunsa kuti: "Ndamva kuti chimfine cha mbalame chimagwira anthu a magazi amodzi n'kusiya ena. Kodi ndi zoona? Nanga ndingadziwe bwanji ngati kumtundu kwathu tili pachiopsezo?"

Mayi, zimene mwamvazo sizongopeka. Mu 2006 ku Karo, kumpoto kwa chilumba cha Sumatra m'dziko la Indonesia, anthu asanu ndi atatu a banja limodzi anadwala, ndipo asanu ndi awiri anamwalira. Woyamba kudwala anali mayi amene ankatsokomola kwambiri usiku, abale ake atagona naye m'kachipinda kakang'ono. Chimene chinaimitsa mitu akatswiri n'chakuti odwalawo anali ana ake, abale ake obadwa nawo ndi ana a abalewo. Amene analowa m'banjamo chifukwa cha ukwati, ngakhale ankadwazika odwalawo, sanadwale. Zofanana ndi zimenezi zaonekanso m'mabanja ena ogwidwa ndi kachilombo komweka ka H5N1, mtundu umodzi wa chimfine cha mbalame.

Komabe ine sindithamangira kunena kuti nkhani ndi magazi okha. Pabanja lalikulu anthu ambiri amakhala a magazi amodzi kale, choncho mwa odwala iwowo ndiwo angachuluke ngakhale majini, tizinthu ta m'maselo timene timatengera kwa makolo, asakukhudzidwa.

Umboni wogwirika uli m'maselo. Kachilomboka kamafuna pogwira kuti kalowe, ndipo pogwira pamene kamakonda ndi pofala m'matupi a mbalame. Mwa munthu, malo otere ndi ochepa m'mphuno ndi pammero, amapezeka kwambiri mkati mwenimweni mwa mapapo. N'chifukwa chake sikatigwira wamba, koma kakafika kumapapoko kamavulaza koopsa: mwa odwala H5N1 oposa 900 amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lawerenga kuyambira 2003, pafupifupi theka anamwalira.

Ndiye pali alonda amene timabadwa nawo. Jini yotchedwa MX1 imapanga puloteni yolepheretsa kachilombo kochokera ku mbalame kuswana m'selo. Mu 2021 ofufuza anapeza kuti pakati pa odwala H7N9, mtundu wina wa chimfine cha mbalame, ku China, anthu amene MX1 yawo ndi yofooka anali ochuluka kusiyana ndi pakati pa ogwira ntchito ya nkhuku amene sanadwale. Izi zimandikhudza mtima: anthu awiri angamasosole nkhuku malo amodzi, nthenga zili mbwee, wina n'kubwerera kunyumba bwinobwino, mnzake n'kukagonekedwa. Jini ina, IFITM3, yagwirizanitsidwa ndi kukula kwa matenda munthu akadwala, ndipo mu 2023 akatswiri a ku Glasgow anasonyeza kuti jini ya BTN3A3 imatsekereza mitundu yambiri ya chimfine cha mbalame, ngakhale mitundu ina, monga H7N9, imaizemba.

Funso lanu lachiwiri ndilo lovuta. Kuyeza majini kuti munthu auzidwe ngati ali wotetezeka ku matendawa si ntchito imene zipatala zimachita, ndipo kachilomboka kamasinthasintha. Mu 2024 ka H5N1 kanapezeka m'ng'ombe za mkaka ku America, ena mwa okama n'kufiira maso. Choncho musadalire zoti kwanu simudwaladwala.

Nkhuku zikayamba kufa zambiri mwadzidzidzi, malipombo atatupa n'kuda, musazigwire ndi manja osavala kanthu, musazisosole kapena kuzidya, ana asayandikire khola, ndipo itanani a zaumoyo wa ziweto. Wina pakhomo akatentha thupi, kutsokomola kapena kufiira maso patangopita masiku ochepa, apite kuchipatala msanga ndipo akanene kuti anagwira nkhuku zodwala, chifukwa mankhwala a oseltamivir amathandiza kwambiri akayambidwa mofulumira.