Mayi, za mtima wa mtsikana wanuyo ndimvereni kaye

Mayi, mwalemba kuti mtsikana wanu akufuna kudzakhala astronaut, munthu wopita kuthambo, koma adokotala akayikira mtima wake, ndipo mukufunsa chochita. Pepani ndilemba zambiri. Mawu amene adokotala anena kwa mtsikana wanu akuti mtima ukudumphadumpha ndi omwewo amene ndinauzidwa ine ndili ndi zaka 24, ndipo mpaka lero ndikawamva m'mimba mumatentha. Ndaona ena amene akuyankhani akuti aiwale zopita kuthambo angolembetsa unamwino, ena akuti mulipire msanga sukulu ya ndege mtimawo udzakhala bwino wokha. Onsewo sanakhalepo pa benchi ya munthu wokanidwa ndi dokotala. Ine ndinakhalapo.

Loto la mwana wanulo linali langanso. Ndinkadziwa kuti kwathu kulibe khomo lolowera ntchito ya astronaut, ndiye ndinati ndiyambire pamene oyamba aja anayambira, pa ndege. Amuna 7 amene NASA, bungwe la ku America la za kuthambo, inawasankha mu April 1959 onse anali asilikali oyesa ndege zatsopano, Yuri Gagarin wa ku Soviet Union, munthu woyamba kupita kuthambo, nayenso anachokera ku ndege zankhondo. Bambo anagulitsa ng'ombe zisanu ndi ngolo yomwe, amalume anathirapo, ndinanyamuka wa ku Joni ku sukulu ina yophunzitsa kuyendetsa ndege. Dzina lake sinditchula. Mkulu wa mu ofesi yawo anatiuza pa foni kuti tilipire fizi yonse ya chaka malo asanapite, zoyezetsa thupi ndi nkhani yaing'ono, ndidzachita ndikafika. Ife tinkadziwa chiyani? Tinalipira.

Miyezi iwiri ndinali m'kalasi, mayeso a nyengo ndi a malamulo a mumlengalenga ndinkakhoza kuposa anzanga ambiri. Ndinaulukako kangapo ndi mphunzitsi pambali. Ndisanaloledwe kuuluka ndekha anati kaye medical, kuyezetsa thupi kuja. Ndinapita m'mawa wa Lachiwiri, kukuzizira, ndisanadye kanthu. Maso bwino, makutu bwino, mkodzo bwino. Kenako anandigoneka pa bedi, nesi nkundimata timapepala tozizira pachifuwa, m'manja ndi m'miyendo, makina ojambula kugunda kwa mtima a ECG nkulavula pepala la timizeremizere. Dokotala analitenga, anazunguliza ndi cholembera malo atatu, osandiyang'ana nkomwe kumaso. Anati mtima wanga uli ndi kugunda kongowonjezera, sangandisainire. Ndinafunsa kuti ndi matenda anji, kodi ndifa? Anati zimenezo ndikafunse dokotala wa mtima, kenako anaitana wotsatira. Ndinali ndisanamange mabatani a malaya. Mphindi zosakwana zisanu, ng'ombe zisanu za bambo anga zinathera pamenepo. Ndinatuluka nkukhala pa benchi ya panja mpaka mlonda anabwera kudzandifunsa ngati ndikudikira munthu.

Koma amene sindinamukhululukire ndi mkulu wa mu ofesi uja. Dokotala anagwira ntchito yake, ngakhale anaigwira mouma mtima. Uyu ndinamupeza akumwa tiyi, ndinamufotokozera, ndinamupempha kuti andibwezereko ngakhale gawo la ndalama za maola amene sindinauluke kuti ndikaonane ndi dokotala wa mtimayo, chifukwa mtengo wake unali woti ine sindikanaukwanitsa. Anatulutsa pepala limene ndinasaina tsiku lofika, nkundilozera ndi supuni ya tiyi kamzere ka zilembo ting'onoting'ono konena kuti ndalama sizibwezedwa. Munthu yemweyo amene ananena kuti medical ndi nkhani yaing'ono! Anadziwa bwino lomwe kuti munthu amayamba wayezetsa asanalipire, ntchito yake ndi imeneyo, koma anaona mwana wa kumudzi wobwera ndi ndalama za ng'ombe nkukhala chete. Anawonjezera kuti popeza sindilinso pa maphunziro, chiphaso changa chokhalira m'dzikomo chilibenso ntchito, ndiganize zobwerera. Sanandipatse ngakhale mpando. Ndinakwera basi, Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete, mpaka pa Mwanza, mabuku a ndege ali m'chikwama pamiyendo, osagona ngakhale pang'ono. Nditafika bambo anali pafupi ndi khola lopanda kanthu. Anangofunsa kuti ndayenda bwanji. Za ng'ombe sanatchulepo mpaka anamwalira, ndipo kusatchulako ndi kumene kumandipweteka.

Patapita zaka 6 ndili pa ntchito ina ndinadzilipirira ndekha kwa dokotala wa mtima. Anandimangirira kamakina kojambula mtima usana ndi usiku wonse, anandithamangitsa pa makina, anaunika mtimawo. Anati kugunda kowonjezerako kumapezeka mwa anthu ambiri athanzi, kwa ine kumasowa ndikathamanga, mtima ulibe chilema. Mayi, ndinalira pamalo oimika galimoto ngati mwana.

Nchifukwa chake nkhani ya Deke Slayton ndimaidziwa ngati ya m'bale wanga. Anali mmodzi wa 7 aja. Kuti afike pamenepo anasefedwa kuchokera m'mafayilo a oyendetsa ndege oposa 500, otsala 32 anakapimidwa ku chipatala cha Lovelace ku Albuquerque mayeso oti thupi lonse silinasiyidwe malo, iye anapambana. Chaka chomwecho cha 1959 akumuzungulitsa pa makina ophunzitsira thupi kupirira mphamvu ya chombo, anaona kuti mtima wake nthawi zina umagunda mosalongosoka. Madokotala ena anati palibe vuto, anapitiriza maphunziro. John Glenn atazungulira dziko mu February 1962, wotsatira anali Slayton, chombo chake anali atachipezera kale dzina, Delta 7. Mu March, kutatsala miyezi iwiri, akuluakulu anaitanitsa madokotala ena a mtima, ndipo iwo anati popeza alipo anzake opanda vutolo, bwanji osatumiza amenewo. Scott Carpenter ndi amene anauluka pa 24 May. Tangoganizani kuonerera mnzako akukwera chombo chako.

Chimene chimasiyanitsa Slayton ndi ine ndi chakuti iye sanamutulutse pageti. Anamupatsa ofesi, anakhala mkulu wa ma astronaut onse, ndipo ndi iye amene ankasankha oti akwere zombo za Gemini ndi Apollo. Neil Armstrong, Buzz Aldrin, onse amene anaponda mwezi anadutsa pa tebulo la munthu amene ankaletsedwa kuuluka yekha. Zaka khumi akutumiza anzake. Anasiya fodya, anasiya khofi, ankathamanga tsiku ndi tsiku, mpaka mtima unakhazikika. Anakapimidwanso ku chipatala cha Mayo Clinic, mu 1972 anamubwezera chilolezo, anaphunzira Chirasha ali wamkulu kale, ndipo mu July 1975 anauluka ndi Tom Stafford ndi Vance Brand kukalumikizana ndi chombo cha a Soviet cha Soyuz cha Alexei Leonov ndi Valeri Kubasov. Anali ndi zaka 51. Zaka 16 chimusankhireni.

Si iye yekha. Alan Shepard, wa ku America woyamba kupita kuthambo mu May 1961, anagwidwa ndi nthenda ya m'kati mwa khutu yotchedwa Ménière, chizungulire ndi kusanza, anamuimitsa, anachitidwa opaleshoni, nkudzayenda pamwezi mu 1971 ali ndi zaka 47. Jim Lovell anagwa pa mayeso a 1959 aja chifukwa cha kuchuluka kwa bilirubin (chimene chimabweretsa chikasu) m'magazi, mu 1962 anamutenga, anapita kuthambo kanayi. Ken Mattingly anachotsedwa pa Apollo 13 kutatsala masiku atatu poopa kuti watengera rubella, nthenda yofanana ndi chikuku, sanadwale nkomwe, anadzapita pa Apollo 16. Pepala limodzi la dokotala si mapeto a munthu, bola pakhale wina womupatsa mpata wopimidwanso.

Ndipo popeza wanuyo ndi mtsikana, muuzeni za Wally Funk. Mu 1960 ndi 1961 amayi 13 oyendetsa ndege anapambana mayeso a thupi ofanana ndi a amuna aja ku Lovelace komweko, Funk ali wamng'ono pa onse. Atatsala pang'ono kupita ku Pensacola kukapitiriza, analandira uthenga woti zathetsedwa. NASA inkafuna anthu odziwa kuyesa ndege za jeti za usilikali, ntchito imene amayi sankaloledwa. Thupi linali bwino, mtima unali bwino, chitseko ndi chimene chinali chokhoma. A Soviet anatumiza Valentina Tereshkova mu 1963, America inadikira mpaka Sally Ride mu 1983. Funk anadzakwera chombo cha kampani ya Blue Origin mu July 2021 ali ndi zaka 82, ulendo wa mphindi khumi zokha. Ed Dwight, munthu wakuda amene anaphunzira pa sukulu ya oyesa ndege ku Edwards koma osasankhidwa mu 1963, ndipo iye mwini wakhala akunena kuti khungu lake linalowererapo, anasiya usilikali mu 1966 nkukhala wosema ziboliboli, anadzapita mu May 2024 ali ndi zaka 90. Anthu amaziika pa Facebook ngati nkhani zosangalatsa. Ine zimandikwiyitsa. Mphindi khumi pa ukalamba sizibweza ntchito ya moyo wonse imene munthu analandidwa.

Tsono mayi, musamuuze mwanayo kuti asiye. Amene akunena zimenezo sanaone ngakhale pepala lake. Dokotala mmodzi wamvetsera mtima kamodzi, basi. Pezani dokotala wa mtima weniweni, ngakhale mzere ukhale wautali bwanji, aunike bwinobwino. Mwina ndi zonga zanga zopanda vuto. Mwinanso ndi vuto lenileni, ndipo likakhala lenileni mverani madokotala, musalimbane nawo, moyo wa mwana uposa chombo chilichonse. Ngakhale amene anamuimitsa Slayton aja sindinganene kuti analakwitsa kotheratu, munthu ali yekha m'kachombo kumwamba mtima ukasokonekera palibe womuthandiza.

Koma ndalama za sukulu ya ndege musatulutse ngakhale tambala. Osagulitsa munda, osagulitsa mbuzi, osakongola katapila. Akakuuzani kuti malo akutha lipirani msanga, dziwani kuti mwakumana ndi mkulu wanga uja. Ayambe wapeza medical ya oyendetsa ndege zonyamula anthu, imene amaitcha Class 1, pepala likhale m'manja, kenako muzikambirana za fizi, ndipo muzilipira pang'onopang'ono malinga ndi maola amene wauluka.

Ndiponso kunena zoona, ndikanakhala bambo ake ndikanamukankhira ku masamu ndi sayansi, ndege aziganizire pambuyo. Masiku ano astronaut sachokera ku ndege zokha. Harrison Schmitt amene anayenda pamwezi mu 1972 anali katswiri wa miyala. Gulu limene NASA inasankha mu 1978 linali ndi anthu 35, amayi 6 ndi amuna akuda atatu, ambiri mwa iwo asayansi, mainjiniya ndi madokotala. Panopa NASA imafuna digiri yachiwiri ya sayansi, uinjiniya kapena masamu, kapena udokotala, koma imatenga nzika za America zokha, ndipo bungwe la ku Ulaya la ESA limatenga a mayiko ake. Pa gulu la 2017 anafunsira anthu oposa 18,000, anatengapo 12. Ku ESA mu 2022 pa anthu oposa 22,000 anatenga 17, mmodzi mwa iwo John McFall wa ku Britain amene anadulidwa mwendo, zomwe m'nthawi ya Slayton palibe akanazilota. Ukasankhidwa pali zaka ziwiri za maphunziro, Chirasha, ndege za T-38, kulowa m'dziwe lakuya mamita 12 ku Houston utavala chovala cha kuthambo maola 6 osatuluka, ndiye kenako uyambe kudikira. Don Lind anasankhidwa mu 1966, anauluka mu 1985. José Hernández, mwana wa anthu ogwira ganyu m'minda ya ku California, anakanidwa ka 11 asanamutenge mu 2004, koma nthawi yonseyo anali injiniya wolandira malipiro, sankadikira ali pakhonde. Mtsikana wanu asadikire zaka 16 ngati Slayton, ife tilibe ofesi yotisungira malo. Akhale ndi digiri yoti ngakhale kuthambo kutakanika adye nayo.

Komabe akadzabwera ndi Class 1 m'manja nkunena kuti amayi ndikufuna ndege, musamuletse. Ine lero lomwe atandiitana ndikhoza kupitanso.

Mukabwerera kuchipatala tengani kope ndi cholembera, muwapemphe adokotala alembe okha dzina la vuto limene akuliganizira, musachoke ndi mawu akuti ukudumpha okha. Ndipo pepala la ECG mulitenge, mulijambulenso pa foni. Langa ndinalisiya pa tebulo la dokotala uja chifukwa chosokonezeka mutu, ndipo dokotala wa mtima atalifunsa patapita zaka 6 kuti ayerekeze, ndinalibe choti ndimuonetse.