Mwana wanga akufuna kufufuza mankhwala ogonetsa odwala, ayambire pati?

Mayi wina watilembera kuti mwana wake wamkazi, yemwe akumaliza sekondale, akufuna kudzagwira ntchito yofufuza mankhwala ogonetsa odwala pa opareshoni. Mayiyu akufunsa njira yake, komanso akuda nkhawa kuti mwina ntchitoyi ndi yoyesera mankhwala pa anthu mosawaganizira.

Mayi, ndiyambe ndi nkhawa yachiwiriyi poti ndi imene ikukusowetsani tulo. N'zoona, mankhwala amayesedwa pa anthu, ndipo kale zinkachitika m'njira zimene lero zingadzutse mafunso ambiri. Ketamine, amene katswiri wa kemisitiri Calvin Stevens anapanga mu 1962, anayesedwa koyamba pa akaidi ku Michigan mu 1964. Chaka chomwecho bungwe la madokotala a pa dziko lonse la World Medical Association linakhazikitsa mfundo za Helsinki, zoteteza anthu amene akuchitidwa kafukufuku wa zachipatala, ndipo lakhala likuzikonzanso. Masiku ano kafukufuku sayamba komiti yoona za ufulu wa odwala isanamuvomereze. Wodwala amafotokozeredwa zonse, amasaina mwa kufuna kwake, ndipo akakana amalandirabe chithandizo chake. Pa mankhwala ogonetsa nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa munthu akagona sangathenso kunena kuti "basi, ndisiyeni". Choncho chilolezo chimapemphedwa maganizo ake adakali bwinobwino, asanabayidwe kalikonse.

Nanga amafufuza chiyani? Palibe mankhwala ogonetsa opanda vuto lake. Propofol amagonetsa msanga ndipo munthu amadzuka mutu uli wopepuka, koma amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kufooketsa kupuma. Ketamine sasokoneza kwambiri kupuma, koma ena podzuka amaona zilubwelubwe. Dexmedetomidine, amene anavomerezedwa ku America mu 1999, amakhazika munthu pansi osamugonetsa tulo tofa nato, koma amachedwetsa kugunda kwa mtima. Ofufuza amagawa odwala m'magulu mwa maere, gulu lina mankhwala awa, lina awo, kenaka n'kumayerekeza: ndani wadzuka msanga, ndani wasanza, ndi okalamba angati asokonekera mutu opareshoni itatha.

Tsopano za njira. Ambiri amaganiza kuti khomo ndi limodzi, lokhala dokotala kenaka n'kuphunzira ukatswiri wogonetsa odwala. Khomo limenelo lilipodi, ndipo amene amatsogolera kafukufuku wotere nthawi zambiri amadzera pamenepo, ngakhale zaka zake ndi zambiri. Koma propofol amene ndatchulayu anatulukiridwa ndi John Glen, dokotala wa ziweto yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya ICI ku Britain, ndipo mankhwalawa anayamba kugulitsidwa mu 1986. Pa gulu lofufuza pamakhalanso anamwino, akatswiri a zamankhwala amene amasunga ndi kuyeza mlingo, ndiponso odziwa kusanthula ziwerengero. Mwana wanu alimbikire bayoloje ndi kemisitiri, koma asanyoze masamu.

Pa masamupa ndiime pang'ono, chifukwa ana ambiri okonda zachipatala amawathawa. Mu 2012 dokotala wogonetsa odwala wa ku England, John Carlisle, anasanthula malipoti 168 a kafukufuku a dokotala wa ku Japan, Yoshitaka Fujii, ambiri mwa iwo okhudza mankhwala oletsa nseru ndi kusanza pambuyo pa opareshoni. Anapeza kuti manambala ake ankagwirizana mopitirira muyeso, zimene sizingachitike pa odwala enieni osankhidwa mwa maere. Chaka chomwecho bungwe la madokotala ogonetsa odwala ku Japan linatsimikiza kuti malipoti 172 a Fujii anali opeka. Chinyengo cha zaka pafupifupi 20 chinagwidwa ndi munthu wodziwa masamu atakhala pa kompyuta. Ine ndikamalangiza achinyamata ndimawauza kuti wodziwa zachipatala ndi ziwerengero pamodzi sasowa pomufuna.

Ndipo iwe mwana wanga, ngati ukuwerenga nawo, udziwiretu kuti ntchito yoyamba sikhala yotulukira mankhwala atsopano. Udzakhala pambali pa bedi ukulemba kugunda kwa mtima ndi mpweya wa m'magazi mphindi zingapo zilizonse, ukufunsa wodwala amene wangodzuka kuti ululu wake wafika pati, ukudzaza mafomu osalumpha mzere. Ena zimawatopetsa n'kusiya. Ukadzalowa ku koleji, funsa aphunzitsi amene ali ndi kafukufuku ngati ungawathandize kusonkhanitsa zotsatira, ndipo uchite kosi yaifupi ya Good Clinical Practice, yophunzitsa malamulo oyendetsera kafukufuku pa anthu, imene imapezekanso pa intaneti. Magulu ambiri ofufuza amafuna satifiketi yake asanakulole kuyandikira fayilo ya wodwala.