Vuto ndalidziwa patapita zaka: kodi ndingasumebe?

FUNSO: Ndine mayi wa ku Mangochi koma ndimakhala ku Johannesburg. M'chaka cha 2020 ndinabereka kudzera mu opaleshoni pa chipatala china cha boma kunoko. Chiyambire nthawi imeneyo m'mimba mwakhala mukundipweteka, ndipo kukiliniki ankangondipatsa mankhwala opha ululu. Mwezi wathawu atandijambula anapeza kuti munatsalira kansalu kopukutira magazi. Anzanga akuti zaka zitatu zinadutsa kale, ndingoiwala za chipukutamisozi. Kodi n'zoona?
Wodandaula, Johannesburg

YANKHO: Pepani kwambiri, mayi. Anzanuwo anena zoona mbali imodzi yokha. Ku South Africa lamulo la Prescription Act la mu 1969 limapereka zaka zitatu zoti munthu wovulazidwa asumire, koma ndime 12(3) ya lamulo lomwelo imati zakazo siziyamba kuwerengedwa mpaka munthuyo atadziwa amene anamulakwira komanso mfundo zimene mlandu wake watsamirapo. Choncho tsiku limene munajambulidwa lingakhale lofunika kuposa tsiku la opaleshoni.

Koma ndime yomweyo ili ndi minga yake, chifukwa imati munthu amatengedwa ngati ankadziwa ngati akanatha kudziwa pochita khama loyenera. Maloya a boma adzagwira pomwepa, n'kunena kuti ululu wa zaka zonsezi unayenera kukukayikitsani kale. Yankho lanu lili m'makhadi a kukiliniki aja, ngakhale atang'ambika kapena kuthimbirira m'chikwama, pakuti deti lililonse lolembedwamo likusonyeza kuti simunakhale chete, munkadandaula ndipo ankakubwezani ndi mapiritsi.

Mlandu wa bambo Links ungakulimbitseni mtima. Iwo anabinya chala chachikulu cha kudzanja mu 2006, anawamanga pulasitala pa chipatala cha boma ku Kimberley, ndipo mapeto ake chalacho chinadulidwa. Mu 2016 bwalo la Constitutional Court, lomwe ndi lalikulu kwambiri m'dzikomo, linagamula kuti kungodziwa kuti wavulala sikokwanira. Munthu ayenera kukhala ndi mfundo zomuchititsa kuganiza kuti achipatala ndiwo analakwitsa. Komabe musatengerepo mwayi, chifukwa pa mlandu wa Truter ndi Deysel mu 2006 bwalo la apilo linanena kuti zakazo sizidikira kuti mupeze kaye dokotala wina wokuikirani umboni. Inuyo chithunzi muli nacho kale m'manja, ndiye nthawi yanu yayamba kuyenda.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si zaka zitatuzo ayi. Popeza mukufuna kusumira boma, lamulo lina la mu 2002 limafuna kuti mupereke kalata yodziwitsa dipatimenti ya zaumoyo za cholinga chanu pasanathe miyezi 6 kuchokera pamene munadziwa. Mukachedwa, bwalo likhoza kukukhululukirani ngati pali chifukwa chomveka, koma umenewo ndi mlandu winanso wapadera wodya nthawi ndi ndalama. Dziwaninso kuti kalatayo siimitsa zaka zitatu zija. Chimene chimaimitsa ndi samani ya kukhoti ikaperekedwa kwa wosumiridwayo.

(Owerenga ovulala pa ngozi za pamsewu asadalire yankho ili: ku Road Accident Fund, thumba la boma lopereka chipukutamisozi pa ngozi zoterezi, zaka zimawerengedwa kuchokera tsiku la ngozi, kaya vuto laonekera liti.)

Sabata inoyo pitani kwa loya kapena ku Legal Aid South Africa, bungwe la boma lothandiza anthu amene sangathe kulipira loya, mutatenga chithunzicho, lipoti la amene anakujambulani ndi makhadi onse, ndipo mupemphe kuti akuitanitsireni fayilo yanu ya mu 2020.