Phazi Likakodwa M'chopondera: Yankho kwa Achimwene a ku Kyalami

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena amene amasamalira mahatchi pa khola lina ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg. Akuti mwezi wathawu mtsikana wa zaka 11 amene amabwera kudzaphunzira kukwera anagwa hatchi itadzidzimuka, phazi lakumanzere n'kutsalira m'chopondera, ndipo anakhwekhwerezedwa pamchenga kamtunda ndithu phazilo lisanasolokemo. Mwanayo ali bwino, anangosupuka chigongono. Funso lawo ndi ili: "Abwana akufuna kugula zopondera zodula zija amati n'zachitetezo. Kodi zimathandizadi, kapena ndi malonda chabe? Komanso mng'ono wanga amawotcherera zitsulo, kodi sangatipangire zathu?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo pepani ndi mantha amene munaona tsiku limenelo. Chitsulo chija cholendewera m'mbali mwa chishalo, chimene wokwera amalowetsamo phazi, kumakolako mumangoti stirrup, ine pano ndizinena kuti chopondera. Zodulazo zimathandiza, koma musanalole kuti abwana atulutse ndalama, pali zinthu zaulere zoti muyambe mwaziona. Za mng'ono wanuyo ndifikako kumapeto.

Ndiyambe ndi zimene zinandichitikira ine, chifukwa ndi pomwe ndinaphunzirira nkhaniyi. Ndili mnyamata, ndikugwira ntchito pa khola lina, m'mawa wina ndinakwera hatchi nditavala majombo a labala omwe ndinkawolera nawo ndowe, aja a mano akuluakulu kunsi. Jombo inalowa m'chopondera mothina, ndinachita kuikankha, koma ndinati ndi pafupi pomwepa. Mphepo inaulutsa jumbo kuchokera ku mpanda, hatchi n'kulumphira kumanja, ine n'kugwera kumanzere. Chimene ndimakumbukira mpaka lero ndi kuona mimba ya hatchi ndili chagada, ziboda zam'mbuyo zikudutsa pafupi ndi khutu langa, mchenga uli m'kamwa. Chinandipulumutsa si nzeru ayi. Jomboyo inali yaikulu, phazi linavukamo, iyo n'kutsala ili lende m'chopondera, hatchi n'kupita nayo.

Muone chimene chimachitika munthu akamagwa. Ali pamsana pa hatchi, phazi limaponda chopondera kuchokera pamwamba, chidendene chili pansi, zonse zili m'malo mwake. Akagwa, thupi limatsika kuposa chopondera, zala zimaloza kumwamba, ndipo phazi limapotoka. Pamenepo pamwamba pa phazi pamatsamira uta wa chitsulo, kunsi kwa nsapato kukukanikiza popondera, ndiye phazi lapanika ngati mphero. Thupi likamakoka, m'pamenenso limapanika kwambiri. Njira ina yokodwera ndi yoti phazi lonse lipyole, chitsulo n'kufika pa kakolo ngati chibangili. Yoyambayo imabwera chopondera chikachepa, yachiwiriyo chikakula kwambiri kapena nsapato ikakhala yopanda chidendene. Hatchi nayo ndi nyama yamantha: ikaona chinthu chikuitsatira chapansi pafupi ndi miyendo, imathawa ndi kuponya mateche. Nyama yolemera makilogalamu 500, yothamanga makilomita 40 pa ola, simungaiuze kuti taima kaye ndivule nsapato.

Vuto la wopanga chopondera lili pamenepa. Akufunsidwa chinthu chogwira ntchito ziwiri zotsutsana: chisunge phazi munthu ali pamwamba, chilitaye munthu akagwa. Pokwera, thupi lonse limalemera pa chopondera chimodzi chakumanzere, ndipo chisatseguke. Hatchi ikatera italumpha mpanda, mapazi amakankha ndi mphamvu yoposa kulemera kwa munthuyo, ndipo chisatsegukebe. Koma kamwana ka makilogalamu 30 kakagwera m'mbali, chitseguke msanga. Ndiye wopanga wanzeru sayesa kukula kwa mphamvu kokha, amayang'ana kumene mphamvuyo ikulowera. Yolowera pansi, chopondera chiipirire. Yolowera m'mbali kapena yopotokola, chigonje. Mukamvetsa zimenezi, chopondera chilichonse chimene wamalonda angakuonetseni mutha kuchiweruza nokha ndi manja.

Chodabwitsa n'choti chinthuchi chakhala pafupifupi chimodzimodzi kwa zaka 1,700. Ku China, m'manda a chaka cha 302 pafupi ndi Changsha, anapezamo kachifanizo kadothi ka hatchi yokhala ndi chopondera chimodzi chokha, chongokwerera. M'manda ena pafupi ndi Nanjing, a cha m'ma 322, muli hatchi yokhala ndi ziwiri. Ku Ulaya zinafika ndi mtundu wa anthu otchedwa Avar chakumapeto kwa zaka za m'ma 500. Uta pamwamba, popondera pansi, mbali zonse zotseka. Asilikali ankafuna kukhazikika pomenya nkhondo. Zoti phazi lituluke bwanji sinali nkhawa yawo yoyamba.

Tsopano zimene zili pamsika. Chodziwika kwambiri kwa ana ndi chotchedwa Peacock: mbali yakunja mulibe chitsulo, muli labala wokoleka pa kambedza pamwamba ndi kakachikopa pansi. Phazi likakankhira kunja, labala amafwamphuka. Nzeru yake ndi yabwino ndipo n'chotsika mtengo, koma ine ndili nacho zifukwa. Popeza popondera pagwiridwa mbali imodzi yokha, munthu wamkulu akachigwiritsa ntchito nthawi yaitali chimapindika, nthawi zina kuthyoka kumene. Labala amauma ndi dzuwa. Mukamukoka n'kuona timing'alu toyera, watha ameneyo. Choipitsitsa ndi kambedza kaja, koloza m'mwamba. Mwana akamatsika motsetsereka m'mbali mwa chishalo, kamatha kukola buluku kapena lamba, ndipo ena kanawang'ambapo thupi malo ovuta kutchula. Ngati pa khola lanu zilipo, ana aphunzitsidwe kutulutsa mapazi onse awiri ndi kudumphira patali potsika.

Pali china chimene ndimachikonda chifukwa chilibe kanthu koti kawonongeke: chitsulo chathunthu koma mwendo wakunja wokhotera kutsogolo, ena amati cha ku Australia. Kukhotako kumasiya mpata woti phazi lopotoka litulukire. Palibe labala, palibe sipuling'i, ndipo chimanyamula munthu wamkulu. Kungoti anthu amachikoleka mozondoka kawirikawiri. Kokhotako kukhale kunja, kuloze kutsogolo phazi lili mkati.

Zodula zimene abwana anu aona mwina ndi za makampani ngati Freejump ya ku France, imene mbali yakunja ndi pulasitiki yofewa yosafika pamwamba, kapena Acavallo ndi Tech Stirrups za ku Italy, zimene kamkono kakunja kamatseguka kakakankhidwa kenako n'kubwezeretsedwa. Ophena ya ku Sweden inasiyiratu mbali yakunja pululu, n'kuika maginito m'chopondera ndi ena m'kansalu kolowetsa mu nsapato, kuti phazi limamatire pang'ono pokwera koma lichoke thupi likakoka. Zonsezi zikutsata mfundo ija ya kumene mphamvu ikulowera, ndipo si bodza, zimachepetsa ngozi. Koma chilichonse chokhala ndi hinjesi chimadana ndi mchenga, ndipo bwalo lanu ndi mchenga wokhawokha. Chikagulidwa, wina azichitsuka ndi kuchitsegula ndi dzanja sabata iliyonse, ndipo winayo mukumudziwa, ndi inuyo. Muwerengenso pa bokosi kulemera kwa munthu amene wopanga walola. Za maginitozo n'zabwino kwa munthu wa hatchi yakeyake. Pa sukulu yomwe ana khumi amasinthana chishalo chimodzi, ndani azisinthira aliyense kansalu ka mu nsapato?

Chenjezo limodzi: zopondera zina, monga za Sprenger ya ku Germany, zili ndi mfundo zopindika m'miyendo yonse iwiri. Ntchito yake yaikulu ndi kupeputsira mawondo ndi akakolo. Zimathandizako phazi kuyenda momasuka, koma mbali zonse n'zotseka, ndiye musaziike gulu limodzi ndi zotseguka zija.

Tibwere ku zaulere, zimene ndikukhulupirira kuti kusaziona ndi komwe kunamugwetsera m'mavuto mtsikana uja. Choyamba, muyese. Mwana alowetse phazi ndi nsapato yomwe wavala tsikulo, malo otambalala a phazi akhale pa popondera, ndiye inu mulowetse chala chanu mbali iyi ndi mbali iyo. Pakhale mpata wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka mbali iliyonse. Chala chikakana kulowa, chachepa. Zikalowa ziwiri momasuka, chakula. Achikulire ambiri amakwana cha masentimita 12, ndipo vuto la masukulu ambiri ndi loti chomwechonso amakwezerapo mwana wa zaka 8. Muyesenso nyengo yozizira ikafika, chifukwa mu June ndi July ana a ku Gauteng amabwera ndi nsapato zokhuthala kuposa za mu December.

Nsapatoyo ikhale ndi chidendene chooneka ndipo kunsi kwake kukhale kosalala. Nsapato zothamangira ndi msampha: kunsi n'kwafulati, labala wake amamata pachitsulo. Majombo ngati anga aja ndi msampha wina. Bungwe la FEI, limene limayang'anira masewera a mahatchi padziko lonse, pa mipikisano ya mtunda wautali ija yofika makilomita 160 tsiku limodzi limalamula kuti wokwera avale nsapato ya chidendene cha mamilimita 12 kapena kuposa, apo ayi agwiritse ntchito chopondera chotchinga kutsogolo kapena chachitetezo. Ngati akatswiri amawalamula chotero, mwana wophunzira asakwere ndi nsapato za mpira chifukwa choti amayi ake ali pachangu.

Kenako tukulani kachikopa kakang'ono kali m'mbali mwa chishalo chachingelezi, pafupi ndi kutsogolo. Pansi pake pali kachitsulo kopingasa komwe lamba wa chopondera amakolekedwa. Kumbuyo kwake n'kotseguka dala, kuti munthu akamakokedwa cham'mbuyo lamba yense asolokeko, munthu, chopondera ndi lamba n'kutsala pansi. Pa zishalo zambiri kumapeto kwake kuli kaloko kotha kuimikidwa kapena kugonekedwa. Pokwera kazikhala kogona nthawi zonse. Ndaonapo tambiri toimikidwa, tina titagwira dzimbiri moti ngakhale ndi pulayala sitigwedera. Mawa m'mawa muyende chishalo chilichonse, mugoneke timaloko, muthire kadontho ka oyilo, ndipo mukoke lamba cham'mbuyo mwamphamvu muone ngati akusoloka. Mukomweko muone ulusi wa pa chomangira lamba, chifukwa lamba woduka munthu ali pa liwiro ndi ngozi inanso.

Ana muwaphunzitsenso ichi, ngakhale pa ngozi yeniyeni mutu sugwira bwino: ukakodwa, yesetsa kudzigubuduza ugone chafufumimba. Thupi likatembenuka, phazi nalo limatembenuka, ndipo nthawi zambiri limamasuka.

Tsopano za mng'ono wanu. Sindikunyoza luso lake, koma chopondera chotseguka asapange. Kuti kamkono katseguke pa mphamvu yoyenera, osati msanga, osati mochedwa, pamafunika kuyesa kambirimbiri ndi makina, ndipo woyeserapo asakhale mwana wa eni ake. Ngakhale chotseka wamba ndi chovuta kuposa mmene chimaonekera. Zabwino amaumba kapena kusula ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chonse chathunthu, pamene chowotcherera chimakhala ndi msoko pakona penipeni pomwe katundu yense amatsikira, ndipo msokowo umang'aluka pang'onopang'ono mosaoneka mpaka tsiku lomwe udzalekane. Chitsulo chofewa n'choopsa mwa njira ina: hatchi ikagwera m'mbali, chimaphwanyika n'kutsekera phazi mkati. Kulemera nakonso n'kofunika. Cholemerako chimalendewera pansi phazi likachoka, pamene chopepuka kwambiri chimauluka n'kutsatira phazi.

Chimene angapange, ndipo chothandizadi, ndi chotchinga kutsogolo. Okwera a ku Mexico ndi kumadzulo kwa America akhala nacho kuyambira kale, amati tapadero: chikopa chokhuthala chophimba kutsogolo kwa chopondera ngati mphuno ya nsapato. Anachipangira minga ndi zitsamba, koma chimaletsanso phazi kupyola. Kwa iwo n'chofunika kwambiri poti zishalo zawo zilibe kachitsulo kosolola lamba kaja. Cha mtundu umenewu munthu wa manja abwino, ngakhale wosoka nsapato wa pamsika, atha kuchisoka ndi chikopa cholimba n'kuchimangirira pa chopondera chogula. Chikhale chakuya moti malo otambalala a phazi afike pa popondera zala zisanagunde kutsogolo, chikhale ndi pansi pake potseka kuti zala zisalowe pakati pa chikopa ndi chitsulo, ndipo mkati musakhale msomali kapena waya wokola zingwe za nsapato. Chikatha, muike nsapato yopanda munthu, muipotokole mbali zonse ngati mmene phazi la wogwa limachitira, muone ngati ikutuluka yokha.

Kwa abwana mukanene izi: ndalama zoyamba zipite pa zopondera za masaizi atatu kapena anayi, kuti mwana aliyense apeze chomukwana, ndi mapeyala angapo a nsapato za chidendene zobwereketsa amene abwera ndi zolakwika. Zikatsalako, agule zotseguka m'mbali za ana aang'ono ndi amene ayamba kulumpha. Ndipo mundilembere mundiuze kuti chopondera cha tsiku lija chinali cha masentimita angati, mtsikanayo anavala nsapato yanji, ndiponso kaloko ka pa chishalocho munakapeza koima kapena kogona.