Mnyamata wanu ayambe ndi khutu, liwiro libwera pambuyo

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kuti: "Mwana wanga wa Folomu 3 usiku uliwonse ali pa gitala, akuti akufuna kuliza lead ya blues rock ngati azungu a pa YouTube. Ayambire pati, ndipo zidzamudyetsa?"

Mayi, nyimbozi gwero lake si azungu. Blues inabadwira mwa anthu akuda a kum'mwera kwa America, makamaka ku Mississippi. Anyamata a ku Britain monga Eric Clapton anaiphunzira pomvetsera malekodi awo, n'kuikweza mawu ndi amplifaya m'zaka za m'ma 1960. Mwana wanu akafuna chiyambi chenicheni, amvetsere B.B. King, amene anabadwa mu 1925. Ankaliza manotsi ochepa, koma lililonse linkalira ngati munthu.

Poyambira n'pochepa: makodi (manotsi angapo olizidwa pamodzi) atatu, A, D ndi E, ozungulira m'mabala (tizigawo tofanana ta nyimbo) 12, ndi mndandanda wa manotsi wotchedwa minor pentatonic ya A, woyambira pa fret 5 (ma fret ndi timipata topondapo zala pa khosi la gitala), manotsi asanu okha: A, C, D, E, G. Zimenezi aziloweza m'masabata ochepa.

Pamene ambiri amagwera ndi pokoka nsambo. Mumuuze achite izi: pa nsambo yachitatu, ya G, alize fret 9 ndi kuisunga m'khutu. Kenako atsikire pa fret 7, akankhire nsamboyo m'mwamba ndi zala zitatu pamodzi, osati chimodzi, mpaka mawu afanane ndendende ndi oyamba aja. Akaperewera pang'ono kapena kupitirira, ngakhale agogo osadziwa gitala amamva kuti china chalakwika. Ndaonapo anyamata othamangitsa zala mochititsa kaso koma osatha kukoka notsi limodzi molondola, ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa kusiya chizolowezi chimenechi kumatenga nthawi yaitali kuposa kuchiphunzira bwino poyamba. Mphindi khumi tsiku lililonse pa ichi chokha, azidzijambula pa foni n'kudzimvera. Kunjenjemeretsa notsi kubwere kukoka kukakhazikika.

Asatengere katswiri wa gitala wa ku America, Stevie Ray Vaughan, pa nsambo zake zonenepa za saizi 13. Mumugulire zopyapyala za saizi 9, zala zisavulale. Komabe nsonga za zalazo ziziwawa masabata angapo mpaka khungu lilimbe.

Za kudya nazo, ndinene zoona: blues rock payokha omvera ake kuno ndi ochepa. Koma khutu ndi dzanja zomwe imaphunzitsa zimafunika kutchalitchi, m'maukwati ndi mu situdiyo. Erik Paliani, Mmalawi mnzathu, gitala inamufikitsa ku South Africa kukagwira ntchito ndi woimba wotchuka Hugh Masekela. Ku Lilongwe kuli sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads, ndipo University of Malawi, kwanu komweko ku Zomba, imaphunzitsa nyimbo, koma kumeneko salowa popanda MSCE yabwino. Mugwirizane naye: homuweki ithe kaye, kenako ola limodzi la gitala, ndipo nthawi zina mukhalepo kuti mumvere.